Ufa Tinauika Kumchira

Mpaka lero lole ikamandipitirira pamsewu waukulu, phazi langa lakumanja limadzuka lokha pa moto, ngakhale kumbuyo ndisakukoka kanthu. Mayi a kunyumba akaona amaseka, amati mwendo umenewu unachenjera kuposa mwini wake. Ine sindiyankha. Zinachitika mu Okutobala 2022 pa msewu wa A66 kumpoto kwa England, ndipo zonse sizinakwane ndi theka la mphindi lomwe. Koma ndikagona chagada usiku ndimaionabe kalavani ija pa galasi lakumanzere, kenaka lakumanja, kenaka lakumanzerenso, ikuvina, ana anga atatu ali phee pampando wakumbuyo.

## Kanyumba ka matayala awiri

Kwathu tikati kalavani timaganiza za ngolo ija imakokedwa ndi thiraki ya fodya kapena ya feteleza. Kuno kalavani ndi kanyumba. Muli mabedi, mbaula ya gasi, kafiriji, kabafa ndi kachimbudzi komwe, zonse pa matayala awiri. Umakakoloweka kumbuyo kwa galimoto n'kumapita nako kutchuthi ngati nkhono.

Tinagula yogwirapo kale ntchito chaka chomwecho, titatopa ndi mitengo ya malo ogona. Amene muli ndi ana kuno mukudziwa momwe mitengo imapengera sukulu zikangotsekera. Chinandilimbitsanso mtima ndi lamulo lomwe linasintha pa 16 Disembala 2021. Kale, amene anakhoza mayeso a galimoto kuyambira mu 1997 ankafunika mayeso enanso kuti azikoka ngolo yolemera. Tsiku limenelo mayesowo anathetsedwa, ndipo laisensi wamba inayamba kulola munthu kukoka ngolo yofika makilogalamu 3,500. Ndiye ine ufulu wokoka kanyumba konse ndinangoupeza m'thumba, osaphunzirapo ngakhale ola limodzi.

Maphunziro alipo, a tsiku limodzi kapena awiri, olipira. Ndinati a chiyani? Ine galimoto ndinaphunzirira kwathu. Ndatsikapo Golomoti usiku ndi pikapu yodzaza mbatata. Chiweta ndakwerapo mvula ili puu. Msewu wa kuphiri la Zomba ndinkauyenda ngati wopita kuchigayo. Mapiri a Angerezi, osafika ndi theka la Mulanje, andiphunzitsa chiyani?

Chinthu chimodzi chokha ndinachita. Wogulitsa anandiuza kuti kwa munthu wongoyamba kumene, kalavani yodzaza isapose magawo 85 pa 100 a kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Si lamulo la boma, ndi langizo chabe la anthu odziwa. Galimoto yanga inali ya makilogalamu 1,600, kalavani 1,300 ikadzaza mpaka pamalire. Ndinadina pa foni, panatuluka 81. Ndinati basi, homuweki yatha. Kabuku kamene anatipatsa pamodzi ndi makiyi ndinakaponya m'kabati.

## Kulongedza kwa Chimalawi

Mmalawi sanyamuka chimanjamanja, izi tisakanirane. Timapita ku Lake District, dera la mapiri ndi nyanja kumpoto chakumadzulo kwa England, kwa masiku asanu okha, koma mukanaona katundu mukanati tikusamuka. Matumba awiri a ufa a makilogalamu 10 lililonse, chifukwa m'mapiri muja ufa ungakaugule kuti? Thumba la mpunga. Mpoto waukulu wa nsima ndi mthiko wake. Nyemba, usipa wouma womwe alamu anatibweretsera, makala matumba awiri, mbaula yowotchera nyama, zakumwa makatoni atatu. Tenti ija amamangirira m'mbali mwa kalavani, yomwe pamodzi ndi zitsulo zake ndi katundu wa anthu awiri. Ndiponso chigubu chogubuduza cha malita 40, chomwe ndinadzaziratu madzi kunyumba poganiza kuti tikafika usiku.

Kalavani yathu bafa lili kumbuyo kwenikweni, kumchira. Ndi kachipinda kopanda kanthu, kokhala ndi chitseko. Ndinaona kuti malo abwino ndi amenewo, katundu sangagubuduke, ndipo pakati pakhala poyera. Ndinasanja zonse mmenemo mpaka kudenga, mwaluso, ngati kondakitala wa basi ya kumudzi. Njinga ziwiri za ana ndinazimangirira panja, kumbuyo komweko.

Mayi a kunyumba anasuzumira n'kufunsa, "Bambo, zonsezi kumbuyo kokhakokha?"

Ndinati, "Malo alipo ndi omwewo. Inu konzani ana, izi ndisiyireni."

Pokoloweka kalavani ku galimoto ndinaona kuti mphuno yake ikupepuka bwino, sindinavutike nayo. Ndinakondwera. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

## Pa Stainmore

Tinanyamuka ku Leeds m'mawa, kutsata A1(M) mpaka pa Scotch Corner, n'kukhotera kumadzulo mu A66. Msewu umenewu umadula mapiri a Pennines kupita ku Penrith. Ukadutsa Bowes umayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka kutulukira pamalo oyera otchedwa Stainmore. Kulibe mtengo, kulibe nyumba, ndi udzu wofiirira, mipanda ya miyala ndi nkhosa basi. Pali zipata zimene amatsekera msewu chipale chikachuluka, ndipo mphepo ikakula amaletsa magalimoto ataliatali kudutsa. Zikwangwani zochenjeza za mphepo ndinaziona, koma ndinati nzolembera a malole.

Pokwera zonse zinali bwino. Galimoto ikamakoka pachitunda kalavani imamvera, imatsata ngati mwana wogwidwa mkono. Mphepo ndinkaimva ikutikankha kuchokera kumanzere, ndimangolimbana nayo pang'ono ndi chiwongolero. Ana ankawerenga nkhosa.

Vuto linayamba titapitirira pamwamba, tikutsetsereka kulowera ku Brough. Pamenepo msewu ndi wa mizere iwiri mbali iliyonse, ndipo wokoka kalavani saloledwa kupitirira mamailosi 60 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 97. Sindinaponde moto, koma mtsetse unandikankha, ndipo muvi unali utadutsa kale pa 60 ine osaona. Pamtsetse zinthu zimatembenuka. Galimoto siikokanso, kalavani ndi imene imakankha.

Kenaka kumanja kunatulukira chilole chachitali chikutipitirira. Lole yothamanga imakankha mpweya patsogolo pake ngati bwato likamang'amba madzi. Mpweya umenewo unayamba kumenya mchira wa kalavani, n'kuukankhira kumanzere. Lole itafika pakati inatikokera kwa iyo. Itangotha kudutsa, mphepo ya kuphiri ija inatiomba mbama kuchokera mbali inayo.

Ndinamva ngati munthu wagwira galimoto kumatako n'kuigwedeza. Pa galasi lakumanzere ndinaona nthiti yonse ya kalavani, zenera ndi chitseko chomwe, zinthu zosayenera kuoneka pamenepo. Isanathe sekondi inali pa galasi lakumanja. Ulendo wachitatu inapita patali kuposa wachiwiri. Matayala anayamba kulira. M'kati mwa kalavani china chake chinagwa kuti phuu, ndipo ndinachimva ngakhale mawindo anali otseka.

Phazi langa linali litanyamuka kale kupita pa buleki.

"Musaponde! Bambo musaponde buleki! Ingochotsani phazi, chiwongolero chigwireni chilunjike!"

Mawu amenewo anatuluka mwa munthu amene pa zaka zonse za banja lathu sanandiuzepo kayendetsedwe ka galimoto. Mwina n'chifukwa chake ndinamvera. Phazi ndinalisiya m'malere, losaponda moto, losaponda buleki. Manja ankafuna kuthamangitsana ndi kalavani, ikapita uku ine ndikhotere uko, koma ndinawakaniza. Galimoto inayamba kutaya liwiro pang'onopang'ono, mochedwa zedi chifukwa cha mtsetse uja. 58. 55. Mchira unagwedezekanso kawiri, katatu, koma ulendo uliwonse mocheperako. Pofika cha m'ma 45 kalavani inabwerera pakati n'kuyamba kutsata ngati palibe chachitika.

M'galimoto munali zii. Wamng'ono ndi amene anayamba kulankhula. "Adadi, nyumba yathu imafuna kutipitirira?"

Pambuyo pake ndinafunsa mayi ake kuti anazidziwa bwanji. Anati kabuku kaja ndinaponya m'kabati iwo anakawerenga konse, usiku womwe ine ndinali kalikiliki kusanja ufa m'bafa. Buleki yadzidzidzi ikanaimitsa galimoto kalavani ikubwerabe chammbali, ndipo zikanapindana ngati mpeni wa m'thumba. Ena amati uziponda moto kuti uiwongole. Amenewo musawamvere, liwiro ndi lomwe limadyetsa kuvina kumeneku.

## Mdala wa m'mbali mwa msewu

Ndinaima pamalo oyamba opumira magalimoto amene ndinawaona. Potsika miyendo inali ngati ya munthu wodzuka malungo. Kumbuyo kwathu kunaimanso galimoto ina yokoka kalavani yayikulu kuposa yathu, ndipo munatuluka mdala wachingerezi, wa imvi mbuu, atavala chijasi. Anali kumbuyo kwathu nthawi yonseyo ndipo anaona zonse.

Sanandikalipire. Anafunsa ngati ana ali bwino, kenaka anati timange buleki ya kalavani, titsitse katayala kakutsogolo, tiimasule ku galimoto. Titatero analoza mphuno ya kalavani, pachitsulo chomwe chimavala mpira wokokera, kampira kachitsulo kamene kamakhala kumbuyo kwa galimoto.

"Tanyamulani apa."

Ndinanyamula ndi dzanja limodzi. Inadzuka ngati chidebe chopanda madzi.

Mdala uja anapukusa mutu. Anati pamenepo pamafunika kulemera kofanana ndi munthu wamkulu, koti manja awiri uvutike nako. Mphuno ya kalavani iyenera kupondereza mpira wa galimoto ndi magawo 5 mpaka 7 pa 100 a kulemera kwa kalavani yodzaza, bola osapitirira malire omwe opanga galimoto analemba. Kwa ife ndiye kuti makilogalamu 65 kupita m'tsogolo, ndipo buku la galimoto yanga limati 75 ndiye pothera. Ine ndinali ndi mwina 20.

Anatsegula chitseko cha bafa. Katoni ya zakumwa inamugwera kumapazi. Anayang'ana ufa, makala, mpoto, chigubu cha madzi, n'kundiyang'ana ine. Anangofunsa kuti, "Kumene mukupitako kulibe mpopi?"

Madzi aja tinathira mu udzu, makilogalamu 40 anachoka pomwepo. Ufa, mpunga ndi zakumwa zinalowa m'buti ya galimoto. Tenti ndi makala tinaziyala pansi pakati pa kalavani, pamwamba penipeni pa matayala, n'kuzitchinjiriza ndi mapilo. Njinga tinazimasula kumchira n'kuzigoneka pakati pomwepo, zokutidwa ndi mabulangete. M'makabati am'mwamba munatsala zovala zokha. Titamaliza ndinayesanso kunyamula mphuno ija, ndipo msana unandiuza kuti zasintha.

Asanapite anagwada n'kuwerenga m'mbali mwa tayala. Pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Lathu linali la 2014. Mapanga ake anali akuya bwinobwino ngati latsopano, chifukwa kalavani imayenda kawiri kapena katatu pachaka, nthawi yotsalayo imangokhala padzuwa ndi pachisanu mphira n'kumauma. Anati matayala a kalavani amasinthidwa akakwana zaka zisanu, ndipo zisanu ndi ziwiri asapitirire, kaya akuoneka okongola bwanji. Athu anali ndi zisanu ndi zitatu. Dzina lake sindinamufunse n'komwe, mutu unali usanabwerere m'malo.

## Ngolo ya amalume

Chimene chimandipweteka kwambiri si kusadziwa ayi. N'chakuti ndinkadziwa.

Ndili mnyamata ndinkapita kutchuthi kwa amalume ku Dedza, ndipo nthawi yokolola ntchito yathu inali kututa chimanga pa ngolo ya ng'ombe. Ngolo ija nayo ndi ya matayala awiri pakati, ndi mtengo wautali kutsogolo wokafika pa goli. Tsiku lina ine ndi msuweni wanga tinasanja matumba kuyambira kumbuyo, chifukwa ndi kumene kunali kosavuta kukwezera. Tisanafike ndi pakati pomwe, mtengo uja unadzuka, goli linakwera m'mwamba, zingwe zinayamba kukola ng'ombe pakhosi. Amalume anabwera akuthamanga ndi mkwapulo, ndipo sunali wa ng'ombe.

Atapsa mtima mokwanira anatisonyeza. Olemera pamwamba pa matayala. Pang'ono chabe kutsogolo, kuti goli likhazikike pakhosi pa ng'ombe koma lisazithyole. Kumchira kuike makoko ndi madengu. Anatiuzanso kuti ngolo siivuta pokwera, imavuta potsika, pamene imayamba kukankha ng'ombe m'malo moti ng'ombe ziikoke.

Zonse zimene mdala uja anandiuza pa A66, amalume anandiuza ndili ndi zaka 12, ndi mkwapulo pamwamba. Koma ine ndinazisiya ku Dedza pamodzi ndi nsapato za pulasitiki. Sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono kuti chinthu chokhala ndi firiji ndi magetsi, chogulidwa ndi mapaundi, chingakhale pachibale ndi ngolo ya amalume. Pa Golomoti paja ndinkadzitama napo, ndinkayendetsa galimoto imodzi ya matayala anayi. Apa zinali ziwiri zolumikizidwa pa kampira kachitsulo kochepa kuposa ndimu.

## Makona a ku Borrowdale

Kuchoka pa Brough mpaka Penrith sindinapitirire 50. Mbali zina za A66 ndi za mzere umodzi uku umodzi uko, ndipo pamenepo 50 ndiye malire a wokoka kalavani. Kumbuyo kwanga kunapangika mdipiti wa magalimoto. Kale zimenezi zikanandichititsa manyazi, ndikanaponda moto kuti asamati kutsogoloku kuli nkhalamba. Tsiku limenelo ndinkangoti ndikaona malo opatukira, ndipatuke, adutse. Ena ankaphethiritsa magetsi kuthokoza.

Malo omwe tinakagona anali kupitirira Keswick, m'chigwa cha Borrowdale, m'mphepete mwa nyanja ya Derwentwater. Angerezi amati nyanja, ife a ku Nyanja ya Malawi tingati dziwe lalikulu, koma kukongola kokha ndisaname, n'kokongola. Msewu wolowera kumeneko ndi wopapatiza, wokhotakhota, mpanda wa miyala uli pafupi moti ungaukhudze ndi chigongono. Pamenepo ndinaphunzira kachiwiri tsiku lomwelo.

Kalavani siiponda momwe galimoto yaponda. Pa kona imadula njira, matayala ake amadutsa m'kati kuposa a galimoto. Ukakhota msanga ngati uli wekha, mpanda umakupala nthiti. Ndiye umayenera kulowa pa kona mochedwerako, motakasa, diso lili pa galasi. Magalasi aja owonjezera amamangirira pa magalasi a galimoto, omwe ndinkawaona ngati makutu a kalulu, ndi pamene ndinawalemekeza. Ndi alamulonso, chifukwa kalavani ndi yotakata kuposa galimoto ndipo popanda iwo kumbuyo suona kanthu.

Liwiro umachepetseratu msewu udakali wowongoka, kona isanafike. Ukalowa mu kona phazi lichoke pa buleki, ukamatuluka ndiye uponde moto pang'ono kuti galimoto ikoke, kalavani iwongoke. Pamtsetse giya yotsika, yomwe ukanakwerera chitunda chomwecho. Kalavani ili ndi mabuleki ake, amene amagwira okha ikamakankha galimoto, ndiye ukatsika phiri lonse phazi lili pa buleki umatentha ako ndi akenso. Izi zokha a ku Golomoti anandiphunzitsa bwino, fungo la mabuleki opsa ndimalidziwa.

Mayi a kunyumba anazimitsa mawu a pa foni otilondolera njira n'kutenga kapepala komwe a pamalopo anatitumizira. Foni imaganiza kuti uli pa galimoto yaing'ono, ndipo ikhoza kukulowetsa pena paliponse. Kumapeto kwa chigwa chomwecho kuli Honister Pass, pomwe msewu umakwera mita imodzi pa mamita anayi aliwonse, kosayenera kalavani ngakhale pang'ono. Ku North Yorkshire kuli Sutton Bank pa A170, komwe makalavani ndi oletsedwa ndi lamulo ndipo anawaikira njira yawoyawo yozungulira. Tsiku lachitatu tinakwera Honister ndi galimoto yokha, kalavani titaisiya. Pa kona ina yothina mayi ake anangonditembenukira, osanena kanthu.

Nsima tinadya usiku woyamba womwewo, ya usipa, mvula ikuwomba padenga la kanyumba kathu. Madzi tinatunga pa mpopi womwe unali mapazi khumi kuchokera pakhomo.

## Pobwerera

Tinayenera kunyamuka Lachisanu. Lachinayi madzulo mayi ake anandionetsa pa foni kuti a zanyengo achenjeza za mphepo yamkuntho kumapiri komwe tinadzera kuja. Ndinayamba kunena kuti Loweruka ndili ndi shifiti, kuti katundu tsopano tasanja bwino, kuti ndiyenda pang'onopang'ono. Anandisiya ndimalize.

"Asodzi a ku Nkhotakota mwera ukawomba amatani?"

"Amakokera mabwato kumtunda."

"Ndiye inu mwaposa asodzi?"

Ndinaimba foni kuntchito, ndinalipira usiku wina umodzi. Ndalama imeneyo inandiwawa, sindibisa. M'mawa wa Lachisanu tinapita ku Keswick kukasintha matayala onse awiri, inanso ndalama.

Panopa kunyumba tili ndi sikelo ya m'bafa yomwe ntchito yake ndi ya kalavani basi, ndi kathabwa kodulidwa molingana ndi msinkhu wa mpira wokokera. Tisananyamuke timaimika kathabwako pa sikelo, mphuno ya kalavani n'kutsamira pamwamba pake. Wowerenga manambala ndi mayi ake, ine ntchito yanga ndi kusuntha katundu mpaka anene kuti zakwana. Maphunziro aja ndinkawakana ndinakachita chaka chotsatira, tonse awiri, ndipo pobwerera chammbuyo ndi kalavani iwo anandiposa, mphunzitsi anachita kunena pagulu.

Loweruka lija tinadutsanso pa Stainmore kunja kuli bata, nkhosa zili m'malo mwake. Tikuyandikira malo aja, mbali inayo ya msewu, wamkulu analoza pawindo n'kuuza azing'ono ake kuti ndi pamene adadi anathira madzi. Kumanja kunabwera lole. Ndinaiona patali pa khutu la kalulu lija, ndinachotsa phazi pa moto isanatifike, ndinasendera pang'ono kumanzere. Inadutsa, kalavani inagwedeza mchira kamodzi n'kukhazikika. Thumba limodzi la ufa linali m'buti, losatsegula n'komwe.